Kutolera mabokosi a ku Germany a mafilimu a Star Wars (Krieg der Sterne): yambirani kumbuyo kwa bokosi

Bokosi langa loyamba ndinaligula pa Flohmarkt, msika wa kaunjika wa Loweruka m'mawa, mumzinda wina ku Germany. Munali makaseti atatu a vidiyo, ndipo bambo wachikulire amene ankagulitsa anandiuza kuti ndi akale enieni. Nditafika kunyumba n'kulowetsa kaseti yoyamba mu deki, posakhalitsa ndinaona Jabba, chilombo chonenepa chija, akuyenda limodzi ndi Han Solo pafupi ndi chombo. Mu filimu ya 1977 gawo limenelo munalibe. Ndinali nditagula ya 1997. Bambowo sanandinamize dala, kwa iwo kaseti iliyonse ndi yakale basi. Wolakwa ndinali ine, amene ndinatengeka ndi chithunzi cha kutsogolo pamene nkhani yonse inalembedwa kumbuyo.

Mafilimu amene tikunena ndi atatu oyambirira a Star Wars. Ku West Germany anawapatsa mayina a Chijeremani: Krieg der Sterne, imene inafika m'nyumba za kanema mu February 1978, Das Imperium schlägt zurück mu December 1980, ndi Die Rückkehr der Jedi-Ritter mu December 1983. Ajeremani amakonda kuonera filimu m'chinenero chawo, ndiye mawu onse anajambulidwanso. Luke amalankhula ndi mawu a Hans-Georg Panczak, Han Solo ndi a Wolfgang Pampel, Leia ndi a Susanna Bonaséwicz, pamene Darth Vader ndi Heinz Petruo. Amene munakulira m'mavidiyo sho momwe filimu imamasuliridwa m'Chichewa mukudziwa mmene mawu a womasulira amakhalira mbali ya filimuyo, moti ukaionera popanda iye imakhala ngati ndiwo zopanda mchere. Otolera ambiri a ku Germany akusaka mawu amene anawamva ali ana.

Choyamba, sankhani filimu imene mukutolera

Zikumveka ngati funso lopanda pake, poti mafilimuwo ndi atatu okha. Koma eni ake akhala akuwasintha kangapo, ndipo bokosi lililonse linasunga filimuyo mmene inalili chaka chimene linatuluka. Musanatulutse yuro imodzi, dziwani mibadwo yake.

Mbadwo woyamba ndi makaseti a m'zaka za m'ma 1980, okhala ndi chizindikiro cha CBS/Fox Video. Ambiri anali obwereketsa ku Videothek, sitolo yobwereketsa mafilimu, ndipo ankabwera imodziimodzi m'mabokosi akuluakulu a pulasitiki. Nthawi imeneyo ku Germany kunali mitundu itatu ya makaseti imene inkalimbirana msika: VHS, Betamax ndi Video 2000 ya Philips ndi Grundig. Kaseti ya mtundu wina silowa mu deki ya mtundu wina, choncho onani chizindikiro chake.

Kenako pali bokosi la 1995, lokhala ndi chizindikiro cha THX, chotsimikizira ubwino wa zithunzi ndi mawu, ndi nkhope zazikulu pa zikuto: Vader, msilikali wa chisoti choyera, ndi Yoda. Zithunzi ndi mawu zinayeretsedwa, koma nkhani sinakhudzidwe. Aka kanali komaliza kuti mafilimuwa agulitsidwe pa kaseti asanasinthidwe. Munthu akandifunsa poyambira, ndimamuuza bokosi limeneli, chifukwa linagulitsidwa lambiri, silivuta kupeza, ndipo muli filimu imene anthu ambiri amaitcha yeniyeni.

Mu 1997 kunabwera Special Edition, ija inandigwetsa m'mbuna. Anawonjezera zilombo ndi zombo za pakompyuta, anabwezeretsa gawo la Jabba, ndipo Greedo, chigawenga chimene Han amapha mu filimu yoyamba, anayamba kuwombera Han asanawombere, nkhani imene okonda filimuyi akukanganabe mpaka lero. Mu September 2004 mafilimuwa anatuluka koyamba pa DVD, m'bokosi la zimbale zinayi, chachinayi chili cha zowonjezera. Pamenepo anasinthanso zina. Chodziwika kwambiri ndi mzimu wa Anakin, amene ndi Vader yemweyo, kumapeto kwa filimu yachitatu, pamene nkhope ya wosewera Sebastian Shaw inachotsedwa n'kuikapo ya Hayden Christensen. Blu-ray inafika mu September 2011, bokosi la mafilimu asanu ndi limodzi lili ndi zimbale 9, la atatuwa lili ndi zimbale zitatu, ndipo Vader anapatsidwa mfuu yokana pa nthawi imene kale ankachita zinthu ali chete. Mu 2020 kunabwera 4K, Disney atagula kale Lucasfilm, kampani imene inapanga mafilimuwa, mu 2012.

Pakati pa zonsezi pali ma DVD a 2006 olembedwa Limited Edition, amene ambiri amawadutsa osadziwa. Filimu iliyonse ili ndi zimbale ziwiri. Choyamba ndi cha 2004 chomwe chija, koma chachiwiri chili ndi filimu yosasinthidwa, yotengedwa ku makope amene anakonzera LaserDisc, zimbale zazikulu za vidiyo zimene zinalipo DVD isanabwere, mu 1993. Chithunzi chake si chakuthwa, ndipo pa TV yamakono chimakhala pakati, mizere yakuda itachizungulira mbali zonse, mpaka mutachikulitsa nokha. Komabe ngati mukufuna filimu yakale koma simukufuna kuvutika ndi deki, njira yovomerezeka pa DVD ndi imeneyi. Werengani zimbale. Bokosi la DVD la mafilimu atatu lokhala ndi zimbale zitatu zokha mulibe filimu yakale, ngakhale wogulitsa atalumbira.

Tsopano sankhani. Ena amatolera bokosi limodzi pa mbadwo uliwonse, zimene ndi zotheka ndipo shelefu imodzi imakwana. Ena amangofuna zisanafike 1997. Ena amatsata mtundu umodzi, monga ma Steelbook, mabokosi achitsulo aja. Lembani chosankha chanu papepala. Popanda malire mudzagula bokosi lomwelo katatu chifukwa chomata cha mtengo ndi chosiyana, ndipo a kunyumba adzayamba kufunsa mafunso ovuta kuyankha.

Chachiwiri, phunzirani kuwerenga msinkhu wa bokosi

Apa ndi pamene pali kukoma kwa mabokosi a ku Germany, chifukwa mbiri ya dzikolo inasiya mapazi pa makatoni. Simukufunika kudziwa Chijeremani chambiri, maso okha.

Yambani ndi dzina la kampani. CBS/Fox Video ndi ya m'zaka za m'ma 1980 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1990. Kenako dzina linakhala Fox Video, ndipo pambuyo pake 20th Century Fox Home Entertainment. Pafupi ndi dzinalo pamakhala keyala ya kampani. Werengani manambala a positi ali kutsogolo kwa dzina la mzinda. Germany inasintha manambalawa kuchoka pa anayi kufika pa asanu pa 1 July 1993, dziko litagwirizana. Manambala anayi akutanthauza kuti chikuto chinasindikizidwa isanafike nthawi imeneyo. Mukaona mawu akuti West Germany kapena W. Germany, mwabwerera m'mbuyo kwambiri, kufupi ndi 1990 kapena kale kuposa apo.

Chomata cha mtengo chimathandizanso. DM ndi Deutsche Mark, ndalama imene inasiya kuyenda yuro itafika m'manja mwa anthu mu January 2002. Musachichotse chomata chimenecho, ndi umboni. Ngakhale kalembedwe kamaulula: m'nkhani yachidule ya kumbuyo, mawu olembedwa daß ndi a kalembedwe kakale, pamene dass anabwera ndi kusintha kwa kalembedwe kumene kunagwirizanidwa mu 1996.

Ndiye pali chizindikiro cha FSK, bungwe la ku Wiesbaden limene limanena msinkhu wa oyenera kuonera filimu. Mitundu yake ndi yoyera kwa aliyense, yachikasu kuyambira zaka 6, yobiriwira 12, yabuluu 16, ndi yofiira 18. Lamulo loti makaseti azikhala ndi chizindikirochi linayamba mu 1985. Kwa zaka zambiri chinali kachinthu kakang'ono, kawirikawiri kumbuyo. Kuyambira December 2008 chinakula kwambiri n'kusamukira kutsogolo, pansi cha kumanzere, ndipo otolera anadandaula kuti chikuwononga zithunzi. Makampani anayankha ndi Wendecover, chikuto chosindikizidwa mbali zonse ziwiri, choti mukachitembenuza chizindikirocho sichioneka. Phindu lake kwa inu ndi ili: bokosi limene chizindikiro chachikulu chinasindikizidwa pa katoni penipeni silingakhale loyambirira la 2004. Ngati chili chomata chabe pamwamba pa pulasitiki, mwina ndi katundu wakale amene anamatidwa kuti agulitsidwebe.

Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi ya mphindi. Filimu yoyamba yosasinthidwa ndi ya mphindi 121 ku kanema, ya 1997 ndi ya mphindi pafupifupi 125. Koma makaseti ndi ma DVD a ku Germany ndi a PAL, amene amathamangitsa zithunzi 25 pa sekondi m'malo mwa 24, ndiye filimu imafupika ndi magawo anayi pa 100 alionse, mawunso amakwera pang'ono. Choncho pa kaseti ya Chijeremani ya filimu yoyambayi, Laufzeit (kutalika kwa filimu) ya mphindi pafupifupi 116 ikuloza filimu yakale, pamene pafupifupi 120 ikuloza yosinthidwa. Ndikanadziwa zimenezi tsiku lija pamsika, sindikanapusa. Pa Blu-ray masamuwa sagwira ntchito, poti imayenda pa liwiro la ku kanema.

Onaninso mawu awiri: Vollbild ndi Widescreen kapena Breitbild. Vollbild imadzaza TV yakale ya makona anayi podula chithunzi m'mbali, moti anthu ena oima kumapeto amasowa. Widescreen imasunga chithunzi chonse, ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Makaseti a chaka chimodzi ankatha kutuluka m'mitundu iwiriyi, mabokosi ofanana kwambiri. Khulupirirani mawu olembedwa, osati mtundu wa katoni pa chithunzi cha foni.

Pomaliza lembani manambala 13 a pansi pa barcode, amene amatchedwa EAN. Oyamba ndi 400 mpaka 440 analembetsedwa ku Germany. Tsamba la OFDb lili ndi mndandanda wa matulutsidwe a filimu iliyonse ku Germany, Schnittberichte limayerekeza kusiyana kwa matulutsidwewo chithunzi ndi chithunzi, ndipo LDDb ndi la LaserDisc. Ikani EAN pamenepo muone ngati zimene wanena wogulitsa zikugwirizana.

Chachitatu, kodi mudzaonera pa chiyani?

Ngati mabokosiwo ndi okongoletsera shelefu, dumphani gawo lino. Ngati mukufuna kuonera, ma DVD a ku Germany ndi a chigawo 2, chimodzimodzi a ku Britain ndi ku South Africa. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali m'chigawo 5, choncho makina okhomedwa ku chigawo 5 adzakana chimbalecho, ngakhale makina ambiri otchipa a m'misika amawerenga chigawo chilichonse. Yesani ndi chimbale chimodzi musanagule mulu. Blu-ray ilibe vutoli, poti Ulaya ndi Africa onse ali m'chigawo B, ndipo zimbale za 4K zilibe zigawo n'komwe.

Makaseti amafuna deki ya PAL. Deki yochokera ku America, ya NTSC, siwasewera. Madeki atsopano kulibe, kampani yomaliza kuwapanga, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016. Deki yakale ya ku Germany kawirikawiri imatulutsa chithunzi kudzera pa SCART, pulagi yaikulu ya mano 21, ndiye mudzafuna kachipangizo kosinthira ku mawaya achikasu, oyera ndi ofiira kapena ku HDMI. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana ndi ya ku Malawi, 230 V, koma pulagi yake ndi ya mano awiri ozungulira.

Chinthu china choti musadabwe nacho: kaseti ya Chijeremani imalankhula Chijeremani chokha. Ma DVD ndi Blu-ray nthawi zambiri ali ndi Chingerezi chomwe. Onani pamzere wolembedwa Sprachen kapena Ton.

Chachinayi, mawu a pamsika

Malonda ambiri ali pa eBay.de ndi pa Kleinanzeigen, tsamba la malonda a anthu wamba limene mpaka 2023 linkatchedwa eBay Kleinanzeigen. Masitolo a zinthu zogwiritsidwa kale ntchito monga medimops ndi rebuy ndi abwino pa ma DVD wamba, koma amaika chithunzi chimodzi cha m'kabuku, osati cha bokosi lenileni limene mudzalandire, ndiye kwa wotolera ndi mwayi chabe. Amene muli ku Germany, pitani ku Flohmarkt ndi ku Filmbörse, msika wa otolera mafilimu, kumene mungagwire katundu ndi manja.

Sakani ndi mayina onse awiri, Krieg der Sterne Trilogie ndi Star Wars Trilogie, poti ogulitsa amasakaniza. OVP amatanthauza kuti chili m'bokosi lake lenileni, koma sizitanthauza kuti sichinatsegulidwe. Chosatsegula ndi eingeschweißt, chokutidwabe ndi pulasitiki. Neuwertig ndi chooneka ngati chatsopano, gebraucht ndi chogwiritsidwa ntchito. Schuber ndi katoni yakunja imene makaseti kapena zimbale zimalowamo, ndipo ohne Schuber akutanthauza kuti katoniyo palibe, pamene bokosi lopanda katoni yake si bokosinso, ndi makaseti atatu chabe. Erstauflage ndi kutuluka koyamba, Neuauflage ndi kobwereza. Verleih ndi yochokera kobwereketsa. VB pafupi ndi mtengo akutanthauza kuti mutha kunenerera, Festpreis ndiye musataye nthawi. Nur Abholung ndi kukatenga nokha pakhomo, satumiza.

Mawu akuti selten ndi Rarität, kutanthauza chosowa, musawawerengere. Mafilimuwa anagulitsidwa mwaunyinji, ndipo mabokosi a 1995, 1997 ndi 2004 ali m'zipinda zapansi za nyumba zambirimbiri. Pa eBay sankhani kuona zimene zinagulitsidwa kale, verkaufte Artikel. Mtengo weniweni ndi umene munthu analipira, osati umene wina akulota.

Chachisanu, pemphani zithunzi zisanu

Safunsa anadya phula. Lembani uthenga waufupi, mwaulemu, woyamba ndi Guten Tag ndi kumutchula wogulitsa kuti Sie (inu), osati du (iwe). Pemphani chithunzi cha kumbuyo choti mawu aziwerengeka, cha msana wa bokosi, cha makona a katoni, cha zolemba za pa kaseti kapena chimbale chilichonse, ndi cha tepi yooneka pa kawindo ka kaseti.

Chomalizachi ndiye chofunika kuposa zonse. Makaseti ambiri akhala zaka makumi m'chipinda chapansi chozizira ndi chachinyezi, ndipo amachita chuku, chimene Ajeremani amati Schimmel. Chimaoneka ngati timadontho toyera kapena ufa pa mkombero wa tepi. Katoni ikhoza kunyezimira ngati yatsopano, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kaseti yachuku musaiike mu deki, chifukwa imadetsa mitu ya makina n'kupatsira makaseti ena onse. Funsaninso ngati katunduyo akuchokera ku Nichtraucherhaushalt, nyumba imene sasutiramo fodya. Fungo la utsi likalowa mu katoni limakhalitsa.

Chithunzi cha zolemba za pa kaseti chimaulula bokosi losakaniza, katoni ya 1995 koma m'kati muli kaseti imodzi ya 1997. Zimachitika kawirikawiri, osati mwachinyengo, koma chifukwa ana a m'nyumbamo ankabwezera kaseti paliponse. Msana umaonetsa ngati dzuwa linafufutsa mtundu. Pa LaserDisc funsani ngati anaionera posachedwa, poti zina zimaola m'kati, chithunzi n'kudzaza timadontho, pamene kunja chimbale chikuoneka bwinobwino.

Makaseti obwereketsa a m'ma 1980 ndi nkhani ina. Anadutsa m'madeki ambirimbiri, chithunzi chake n'chotopa, ndipo ali ndi zomata za sitolo ndi manambala olemba pamanja. Ine zomatazo ndimazisiya. Kaseti yotero mumaigula chifukwa cha mbiri yake, osati kuti muzionera Loweruka lililonse.

Chachisanu ndi chimodzi, kulipira ndi kutumiza

Lipirani m'njira yokhala ndi chitetezo cha wogula. Wogulitsa wosamudziwa akakupemphani kutumiza ndalama pa PayPal ngati Freunde und Familie, dziwani kuti njira imeneyo ndi ya abale ndi abwenzi, ndipo katundu akapanda kufika mulibe podandaulira. Pa DHL, Päckchen ndi kaphukusi kosapitirira makilogalamu awiri, kotchipa koma mwachizolowezi kopanda inshuwalansi, pamene Paket ili ndi nambala yolondolera ndi inshuwalansi. Pemphani kuti aike mu katoni yolimba, osati mu envelopu, chifukwa makona a Schuber akaphwanyika sawongokanso.

Anthu wamba ambiri satumiza kunja kwa Germany. Ngati muli ndi m'bale kapena mnzanu kumeneko, mabokosi azifikira kwa iye, aziunjikana, n'kudzabwera pamodzi m'chikwama kapena m'phukusi limodzi. Kutumiza bokosi limodzi lokha kutali kumadya ndalama zoposa mtengo wa bokosilo. Kunja kwa European Union, kuphatikizapo Britain kuyambira 2021, yembekezerani fomu ya kasitomu ndipo mwina msonkho.

Bokosi likafika

Musathamangire ku deki. Ngati lachokera kozizira, lisiyeni tsiku lathunthu m'chipinda kuti chinyezi chimene chagwira tepi chiume. Nunkhizani, yang'anani pa kawindo ndi tochi, ndipo kanikizani kabatani ka m'mbali kuti mutsegule chivindikiro muone ngati tepi ili yosalala. Kenako ithamangitseni mpaka kumapeto n'kuibweza, musanaionere. Lembani m'kope tsiku, mtengo, EAN, mphindi, ndi chilema chilichonse. Pakatha zaka ziwiri simudzakumbuka kuti ndi bokosi liti linali ndi kaseti yolira.

Makaseti aziima chilili ngati mabuku, atabwezedwa koyambirira, kutali ndi masipika ndi china chilichonse chokhala ndi maginito. Dzuwa lisawaombe, ngakhale la pawindo. Amene mukukasunga kumudzi, adani ndi ena: kutentha kwa October pansi pa malata, chinyezi cha dzinja, mphemvu zimene zimakonda guluu wa makatoni, ndi chiswe chimene chingamalize Schuber usiku umodzi shelefu ikagunda khoma. Bokosi la pulasitiki lotseka bwino, muli timapaketi ta silika tija timabwera m'mabokosi a nsapato, loikidwa pamwamba osati pansi, limathandiza. Timapaketito muzitiumitsa kapena kutisintha mvula ikayamba. Selotepi isayandikire katoni yong'ambika, imasanduka yachikasu n'kudya utoto.

Za bokosi losatsegula, ena amalisunga choncho mpaka kalekale poganiza za mtengo. Pulasitiki yake imakokana ndi zaka n'kupinda makona, ndipo chuku sichipempha chilolezo kuti chilowe. Langa la 1995 ndinalitsegula tsiku limene linafika. Lija la 1997 la pa Flohmarkt lidakalipo pambali pake, ndi chomata chake cha DM chimene bambo aja sanachotse.